Mafunso Amene Google Siwamva: Mfundo kwa Wofufuza ndi Wolemba Nkhani

Masiku ano wophunzira wa ku Bunda kapena ku Chancellor akamakonza kafukufuku wake womalizira, kapena mnyamata akatsegula tsamba la nkhani pa intaneti, sachedwa kulangizidwa kuti ayambe waona zimene anthu akufufuza. Chida chotchuka pa ntchitoyi ndi Google Trends, chimene kampani ya Google inatsegula mu 2006. N'chaulere. Mumalemba mawu, kaya "feteleza" kaya "MSCE results", n'kusankha dziko ndi nthawi, ndipo chimakujambulirani mzere wokwera ndi kutsika, kuyambira 2004 mpaka lero.

Chidachi n'chabwino, ndipo sindikuuzani kuti muchitaye. Ndikungofuna kuti tichiyeze ndi muyeso wa ku Kasinje, malo amalonda a m'chigwa cha Bwanje m'boma la Ntcheu, pamsewu wa M5 wochoka ku Balaka kupita ku Salima. Chida chimene chimanena zoona ku London chimatha kunena theka lokha la zoonazo chikafika kumeneko.

1. Nambala 100 si anthu 100.

Cholakwa chofala kwambiri n'kuwerenga nambala za chidachi ngati mitu ya anthu. Google siulula kuti afunsa ndi anthu angati. Imatapa gawo chabe la mafunso onse a m'dera ndi nthawi imene mwasankha, n'kuona kuti mawu anuwo atenga malo aakulu bwanji pakati pa mafunsowo. Sabata imene malowo anakula koposa imapatsidwa 100, ndipo masabata ena onse amayezedwa poyerekeza ndi imeneyo. Zili ngati munthu wochokera kumsika akuuzeni kuti lero theka la ogula linagula usipa. Mwamva kanthu ndithu, koma simunadziwe ngati pamsikapo panali anthu khumi okha chifukwa cha mvula, kapena panali chinamtindi.

Atolankhani akuluakulu anagwapo m'mbuna imeneyi. Pa 23 June 2016 anthu a ku Britain anavota kuti dziko lawo lituluke m'bungwe la European Union. Kutacha, nkhani inafala dziko lonse lapansi kuti funso lakuti kodi EU n'chiyani lakwera kwambiri pa Google, ndipo anthu anaseka kuti Angerezi avota asakudziwa chimene akuvotera. Ena atawerengetsa bwino anapeza kuti mwina ofunsawo sanafike ndi 1,000 omwe, m'dziko limene anthu oposa 33 miliyoni anaponya voti. Palibenso amene akanadziwa ngati ofunsawo anali ovota, ana asukulu kapena alendo.

Samalaninso ndi mawu akuti Breakout amene chidachi chimaika pambali pa funso limene lakula koposa 5,000 peresenti. Amamveka ngati moto wolusa, koma mwa masamu kuchoka pa 2 kufika pa 110 n'kokwana kale. Chuluke chuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma.

2. Mzere ukagona pansi, sikuti anthu alibe mafunso.

Apa ndiye pagona nkhani. Mawu amene afunsidwa ndi anthu ochepa, chidachi chimawapatsa ziro, kapena chimangokuuzani kuti palibe zokwanira zoti chisonyeze. Musadabwe mukalemba dzina la malo aang'ono ngati Kasinje, Kandeu kapena Sharpevale n'kupeza zotere. Wofufuza waulesi amatseka kompyuta n'kulemba kuti anthu a kumeneko alibe chidwi ndi nkhaniyo. Limeneli ndi bodza, ngakhale kuti wolembayo sananame dala.

Tiyeni tiwerenge. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni m'Malawi, ndipo 84 mwa 100 alionse amakhala kumudzi. Boma la Ntcheu lokha linali ndi anthu oposa 650,000. Kafukufuku wa 2019 wa ofesi yowerengera anthu ya NSO pamodzi ndi bungwe la MACRA anapeza kuti pafupifupi anthu 15 okha mwa 100 ndiwo amagwiritsa ntchito intaneti. Chiwerengerochi chakwera m'zaka zapitazi, komabe ambiri akadali kunja. Ndipo mwa amene ali mkatiwo, si onse amafika kwa Google. Ochuluka amagula bandulo ya WhatsApp kapena Facebook ya Airtel kapena TNM chifukwa ndi yotchipa, ndipo funso lawo limathera pagulu la kumpingo, la banki m'khonde kapena la achibale a ku Joni. Funso limenelo Google Trends silimva.

Kodi mayi wa ku Kasinje alibe mafunso? Ali nawo, ndiponso ndi olemera kuposa ambiri a ife okhala m'tauni. Nkhuku zake zikusinza, kodi ndi chitopa, nanga katemera apezeka liti? Nkhumba za kwa aneba zafa, kodi chigodola chafikanso? M'munda mwamera kaufiti, m'chimanga mwalowa ntchemberezandonda, m'thumba mukumveka anankafumbwe. Mavenda akugula nandolo pa mtengo wakuti, kodi ku Balaka akugula bwanji? Dzina lake silikupezeka pa mndandanda wa feteleza wotsika mtengo, akadandaule kwa yani? Mafunso amenewa amafunsidwa tsiku ndi tsiku: kwa alangizi, kwa amfumu, pachigayo, pasikelo ya ana, kwa kondakitala wa minibasi amene wangochokera ku Salima. Amangosowa polembedwa.

Umboni wake uli pafupi. Mu 2011, m'boma la Balaka lomwe lachita malire ndi Ntcheu, bungwe la VillageReach mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo linayambitsa Chipatala Cha Pa Foni, chimene poyamba chinali cha amayi oyembekezera ndi olera ana. Munthu amaimba 54747 mwaulere, ngakhale ndi kafoni ka mabatani, n'kulankhula ndi wazaumoyo m'chilankhulo chake. Ntchitoyi inakula mpaka kufika dziko lonse, boma n'kuitenga. Anthu omwewo amene pa Google amaoneka ngati ziro, atapatsidwa khomo lolowera lopanda ndalama ndiponso lopanda Chingerezi, anafunsa.

Pali china chimene ambiri sachidziwa. Makompyuta amayerekeza kumene munthu ali potengera njira imene intaneti yake yadzera, ndipo intaneti ya pafoni kawirikawiri imaoneka ngati ikuchokera kumene kuli makina akuluakulu a kampani ya mafoniyo. Choncho ngakhale mphunzitsi wa ku Kasinje amene wafunsadi Google angathe kuwerengedwa ngati wa ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Mapu ogawa mafunso m'zigawo za Malawi muziwayang'ana ndi diso limodzi lotsinzina.

3. Wolemba Chichewa asadikire kuti Google imulamule.

Alangizi a zamasamba a pa intaneti amati uzilemba zimene anthu akufufuza. Langizoli likafika pa Chichewa limadya mchira wake. Munthu amafunsa m'Chingerezi, ngakhale chothyokathyoka, chifukwa anayesapo m'Chichewa osapeza yankho. Wolemba amaona kuti mafunso a m'Chichewa ndi ochepa, ndiye amalemba m'Chingerezi. Mawa wofunsa uja amapezanso kuti m'Chichewa mulibe kanthu. Google Translate inalandira Chichewa mu December 2014, koma kumasulira si kulemba, ndipo Wikipedia ya Chichewa ikadali yaing'ono kwambiri poyerekeza ndi unyinji wa anthu olankhula chilankhulochi m'Malawi, ku Chipata, ku Tete ndi ku Niassa.

Wina ayenera kuyamba. Ine ndimaona kuti woyambayo ndi wolemba, chifukwa ndiye ali ndi magetsi, kompyuta ndi nthawi. Nkhani yolongosoka ya mmene mungatetezere nkhuku ku chitopa, yolembedwa m'mawu amene alimi amagwiritsadi ntchito, ikhoza kukhala miyezi ingapo osawerengedwa ndi ambiri. Koma tsiku limene mwana wa ku sekondale adzafunsira agogo ake pafoni, adzaipeza yokhayo, ndipo idzayenda pa WhatsApp kufika kumene Google sifika.

4. Wofunsa za matenda sikuti akudwala.

Mu 2008 Google inatsegula ntchito yotchedwa Google Flu Trends. Akatswiri ake anasefa mafunso 50 miliyoni n'kusankhamo 45 amene ankakwera ndi kutsika limodzi ndi chimfine ku America, ndipo mu 2009 analengeza m'magazini ya sayansi ya Nature kuti angathe kudziwa za kufala kwa chimfine msanga kuposa bungwe la boma la CDC, limene linkadikira malipoti a m'zipatala. Anthu anaomba m'manja. Koma chaka chomwecho chidacho chinalephera kuona bwino mliri wa chimfine cha H1N1, ndipo m'nyengo yozizira ya 2012 mpaka 2013 chinanena chiwerengero choposa kawiri cha CDC. Mu March 2014 David Lazer ndi anzake analemba m'magazini ya Science kuti chidacho chinakokomeza m'masabata 100 mwa masabata 108. Mu 2015 Google inasiya kufalitsa ziwerengerozo.

Zifukwa zake n'zimene tiyenera kusunga. Poyamba, ena mwa mafunso amene ankayenda limodzi ndi chimfine anali a masewera a basketball a m'masukulu, chifukwa zonse ziwiri zimachitika m'nyengo yozizira. Makina ankaona nyengo n'kumayesa matenda. Chachiwiri, nyuzipepala ndi wailesi zikachulutsa nkhani ya matenda, anthu abwinobwino amachita mantha n'kuyamba kufufuza. Chachitatu, Google yeniyeniyo imasinthasintha kafufuzidwe kake, n'kumapatsa anthu mawu oti afunse.

Ganizirani kolera amene anayamba mu March 2022 n'kupha anthu oposa 1,700, mliri woopsa kuposa wina uliwonse wa kolera m'mbiri ya dziko lino. Mu January 2023 boma linachedwetsa kutsegulira sukulu ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Kholo la ku Area 47 limene linathamangira kwa Google tsiku limenelo linkafuna kudziwa tsiku lobwerera ana kusukulu. Msodzi wa m'mbali mwa nyanja amene ankatsegula m'mimba usiku womwewo sanalembe kanthu. Wofufuza amene angajambule mapu a kolera potengera mafunso a pa Google adzajambula mapu a mantha a anthu okhala ndi bandulo.

5. Funsani kuti akufunsayo ndani.

Mukasiya chidachi pa dziko lonse lapansi n'kulemba "Malawi", ena mwa amene mukuwawerengawo ndi anthu a ku Germany ndi ku America oweta nsomba za mbuna za m'nyanja yathu m'magalasi. Mukalemba "Salima", muli ndi boma lathu lija komanso akazi ambiri a m'maiko ena amene ndi dzina lawo. Ndipo chinthu chimodzi chimene alimi a ku Tsangano amalima, wina adzachilemba kachewere, wina mbatatesi, wina Irish potato. Sankhani dziko, yang'anani mafunso ena amene akuyenda limodzi ndi mawu anuwo, ndipo yesani kalembedwe kalikonse musanatsimikize.

6. Yankho likonzeke funso lisanafike.

Pamene chidachi chimathandiza kwenikweni ndi pa zinthu zobwerezabwereza. Moyo wathu uli ndi kalendala yake: zotsatira za mayeso a MANEB, masankhidwe a ku yunivesite, mndandanda wa feteleza wotsika mtengo mvula ikayandikira, mitengo ya mbewu pambuyo pokolola, malungo m'dzinja. Mukayang'ana zaka zisanu m'malo mwa masiku asanu ndi awiri, mafunso ofunsidwa ndi ambiri amaonetsa mwezi umene amayamba kukwera. Mkonzi wanzeru amalemba nkhani yake masabata angapo mweziwo usanafike, aifunsire kwa odziwa, aikonze mosafulumira. Wopusa amaiyamba tsiku limene mzere wafika pamwamba, n'kuilemba ndi thukuta ndi mphekesera.

Koma musachipatse ulemu wa mlosi. Hal Varian, amene anali mkulu wa zachuma ku Google, ndi mnzake Hyunyoung Choi atalemba za chidachi mu 2009, anasamala kunena kuti chimathandiza kudziwa zimene zikuchitika panopa malipoti a boma asanatuluke, osati zam'tsogolo. Alimi a nandolo akudziwa kusiyana kwake. Mu August 2017 dziko la India, limene linkagula nandolo wambiri wa kuno, linaika malire a matani 200,000 pa nandolo wolowa m'dzikomo, ndipo mitengo ku Balaka, ku Machinga ndi madera ena inagwa chagada. Palibe mzere wa mafunso a Amalawi umene ukanachenjeza mlimi pa nthawi yobzala, chifukwa chigamulocho chinapangidwa ku New Delhi nandolo ali kale m'munda. Mtolankhani amene akanathandiza ndi amene ankatsatira zokolola ndi malamulo a ku India, osati amene ankadikira kuti anthu ayambe kulira pa intaneti.

7. Mutu wopanda yankho ndi kuba.

Chiyeso cha wofalitsa nkhani n'chakuti aone funso limene likukwera, aliike pamutu wa nkhani, anthu adine, iye alandire ndalama za otsatsa malonda, pamene m'katimo mulibe chilichonse. Si chiyeso chatsopano. Mu February 2011 nyuzipepala ya pa intaneti ya Huffington Post inasekedwa chifukwa cholemba nkhani imene mutu wake unali funso lakuti mpikisano wa Super Bowl uyamba nthawi yanji, n'kuidzaza ndi kalembedwe kosiyanasiyana ka funso lomwelo kuti ikole ofufuza. Makampani ngati Demand Media ankasankha mitu ndi makina potengera zimene anthu akufufuza, n'kulipira olemba ndalama zochepa kuti atulutse nkhani zikwizikwi. Mwezi womwewo Google inasintha kasanjidwe ka masamba, kusintha kumene kunatchedwa Panda, ndipo masamba ambiri a mtundu umenewu anatsikira pansi. Mu August 2022 inachitanso zofanana, n'cholinga chokweza nkhani zolembedwera anthu osati makina.

Komatu kwa ife nkhani si kuopa chilango cha Google. Ku America wowerenga akapusitsidwa amataya mphindi imodzi. Ku Kasinje amataya bandulo imene waigula ndi ndalama ya ganyu, pafoni imene walipira kuti aitchaje pagolosale. Mukalemba mutu wakuti "Zotsatira za MSCE zatuluka" pamene sizinatuluke, kapena "Onani dzina lanu pa mndandanda wa feteleza" pamene mulibe mndandandawo, mwapisa m'thumba mwa mwana wa mwini. Kuti ndalamayo yapita kwa kampani ya mafoni osati kwa inu sizikuchotserani mlandu. Ndipo chinyengo chotere chimabereka china choipa koposa: munthu wonamizidwa kawiri amasiya kukhulupirira ngakhale nkhani ya katemera.

Muyeso wake ndi wosavuta. Ngati mutu wanu uli funso, yankho lipezeke m'ndime yoyamba, pamodzi ndi tsiku ndi amene wanena. Ngati yankho silinadziwike, mutuwo unene zimenezo.

8. Funso la munthu ndi chinsinsi chake.

Anthu amauza Google zimene sangauze ankhoswe, abusa kapena dokotala. Seth Stephens-Davidowitz anamanga buku lake la 2017, Everybody Lies, pa mfundo imeneyi, ndipo n'chifukwa chake ofufuza amazikonda nambalazi. Koma kumbuyo kwa nambala iliyonse kuli munthu amene anatseka chitseko asanalembe. Mu August 2006 kampani ya AOL inatulutsa poyera mafunso pafupifupi 20 miliyoni a anthu oposa 650,000, itachotsa maina n'kuikapo manambala, poganiza kuti yathandiza ofufuza. Patangopita masiku ochepa atolankhani a New York Times analumikiza mafunso a nambala imodzi mpaka kugogoda pakhomo pa mayi wamasiye wa zaka 62 m'boma la Georgia.

Google Trends imaonetsa zophatikiza, osati za munthu mmodzi, ndipo pamenepa ili bwino. Ngozi ili pa inu amene muli ndi tsamba, gulu la WhatsApp kapena pulogalamu ya pawailesi yolandira mauthenga. M'mudzi momwe aliyense amadziwa ng'ombe za mnzake, kungonena kuti "mayi wina wa ana anayi wogulitsa mandasi pafupi ndi siteji anafunsa za mankhwala otalikitsa moyo" n'chimodzimodzi kutchula dzina. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza mbiri za anthu la 2024, koma wolemba waulemu sayenera kudikira lamulo.

9. Lembani mmene munazipezera.

Popeza chidachi chimatapa gawo chabe la mafunso, mukafunsa chinthu chomwecho lero ndi mawa nambala zikhoza kusiyana, makamaka m'dziko la ofufuza ochepa ngati lathu. Koperani ziwerengerozo pa masiku osiyanasiyana n'kuziyerekeza. Zikamavina kwambiri, musamangepo mfundo. M'kafukufuku wanu lembani mawu enieni amene munafufuza, dziko, nthawi imene munasankha ndi tsiku limene munakopera. Ngati muli ndi tsamba lanu, chida cha Search Console chimakuonetsani mawu amene anthu analemba mpaka kufika kwa inu ndi kuchuluka kwa amene anadina, zimene zimaposa mzere wa 0 mpaka 100.

Mukatero, tengani mndandanda wa mafunso amene Google yakupatsani mupite nawo kwa alangizi a zaulimi ku Sharpevale kapena ku Kandeu, kwa alangizi a zaumoyo a ku Kasinje, ndi kwa owulutsa mawu amene amalandira mafoni a omvera. Afunseni mafunso asanu amene amva kawirikawiri mwezi uno, muwalembe pambali pa a Google aja, ndipo mu lipoti lanu musonyeze mindandanda yonse iwiri, uliwonse ndi kumene wachokera.